CHIKWAMA CHA PA FONI CHISUNGA KIYI, OSATI NDALAMA

Nyengo ya msika ikafika, alimi ndi matenanti amafikiridwa ndi anthu ambiri ofuna kuwathandiza kusunga ndalama zao. Masiku ano ena akubwera ndi nkhani ya Bitcoin, ndalama ya pa intaneti imene inayamba mu 2009, nauza mlimi kuti aike "chikwama" m'foni mwake. Tsono nkofunika kuti alimi adziŵe m'mene chikwama chimenechi amachimangira.

Choyamba, m'chikwamamo mulibe ndalama. Ndalamazo zalembedwa m'kaundula wamkulu wochedwa blockchain, amene amasungidwa ndi makompyuta ambirimbiri pa dziko lonse. Chimene chikwama chisunga ndi kiyi wotsegulira gawo lanu la m'kaundulamo. Zikwama zina ndi mapulogalamu a pa foni, zina amazilumikiza ku pulogalamu yoŵerengera intaneti monga Chrome. Chodziŵika kwambiri mwa izi ndi MetaMask, chimene chinatuluka mu 2016.

Ntchito yaikulu ya womanga chikwama ndi kupanga kiyi ameneyu. Pulogalamu imachita maere ndi kutola nambala yaitali kwambiri yoti munthu sangailote. Popeza nambala yotere njovuta kuikumbukira, amaisandutsa mau 12 kapena 24, otengedwa pa mndandanda wa mau 2,048 umene unakonzedwa mu 2013. Kuchokera pa mau aŵa kumatuluka kiyi wachinsinsi, ndipo pa kiyiyo pamatuluka adiresi yolandirira ndalama. Adiresi ili ngati nambala yanu ya ulimi imene imalembedwa pa belo la fodya: aliyense angathe kuiona popanda vuto. Mau aja ndiwo osaonetsa munthu. Womanga amakhoma kiyi m'foni ndi mau achinsinsi, ndipo potumiza ndalama foniyo imasaina yokha, kiyi osatuluka kunja.

Maere aja akachitidwa mosasamala, zonse zaonongeka. Mu November 2022 chikwama cha Trust Wallet cholumikiza ku kompyuta chinapezeka kuti chinkatola nambala pa gulu laling'ono kwambiri, kotero kuti akuba okhala ndi kompyuta anatha kuyesa nambala zonse mpaka kutsegula zikwama za anthu ena. Eni ake sanauze munthu mau ao, koma ndalama zinapita. Ngati akatswiri anaphonya chotere, nanji mnyamata wa pa sitolo amene angakuikireni chikwama chosadziŵika?

Pano mpamene pasiyana ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba. Kumeneko mukaiŵala nambala yachinsinsi mumapita ku ofesi ndi chitupa chanu, nkukukonzerani. Chikwama cha mtundu uwu chilibe ofesi. Foni ikagwera m'madzi muli ndi mau anu pa pepala, mumaŵalemba m'foni ina ndipo zonse zimabwerera. Pepalalo likadyedwa ndi chiswe foni itatayika, palibe mlangizi, bwana wa esiteti kapena banki imene ingakubwezereni. Ndiponso ndalama zotumizidwa pa adiresi yolakwika sizibwezedwa.

Choncho munthu akanena kuti akutsegulireni chikwama iye yekha, dziŵani kuti waona mau anu, ndipo angathe kutapa ndalamazo ali kutali.

Reserve Bank of Malawi inanena mu 2019 kuti ndalama zoterezi si ndalama zovomerezeka ndi lamulo m'dziko muno. Mtengo wake umakwera ndi kutsika tsiku limodzi lomwelo, pamene feteleza, mbeu ndi ngongole ya pa esiteti zidzafuna makwacha mvula ikayandikira.