Galimoto ya injini ya kabaza: kuliza n'kosavuta, nkhani ili pa kuima

Amene amakwera kabaza kuchoka ku Limbe kupita ku Misesa akuidziwa bwino mphamvu ya kainjini ka njinga yamoto. Kamanyamula woyendetsa, pasenja ndi thumba la ufa, koma n'kukwerabe chitunda. Ndiye mnyamata wodziwa kuwotcherera zitsulo akamafunsa kuti bwanji osaika kainjini kameneka pa matayala anayi n'kukhala ndi galimoto yakeyake, musamuseke. Zimatheka, ndipo sizinayambe lero.

M'chaka cha 1955, kampani ya BMW ku Germany idayamba kugulitsa kagalimoto kotchedwa Isetta, kokhala ndi chitseko chimodzi kutsogolo. Injini yake, ya 250cc, idachokera ku njinga yamoto ya kampani yomweyo. Pofika 1962 adali atapanga toposa 160,000. Nazo Bajaj za matayala atatu zomwe tikuziona m'tauni gwero lake ndi Piaggio Ape ya ku Italy, yomwe idatuluka mu 1948 kuchokera ku kanjinga kamoto ka Vespa.

Kuno kwathu luso lotere liliponso. Mu 2016, Felix Kambwiri wa m'mudzi wa Gobede, kumpoto kwa Lilongwe, adatchuka atapanga helikopita ya zitsulo zotolatola yokhala ndi injini ya njinga yamoto ya 125cc.

Koma aise, kuliza injini ndi gawo lophweka. Ntchito yeniyeni imayamba galimoto ikasuntha.

Choyamba, njinga ya kabaza ilibe giya ya rivesi. Njinga umangoikankha ndi mapazi, koma galimoto yodzaza anthu pakamsewu kopanikiza ka ku Ndirande suingatero. Chachiwiri, pokhota, tayala lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lamkati. Mukangolumikiza matayala onse akumbuyo pa chitsulo chimodzi chokokedwa ndi tcheni, popanda difu, galimoto imakana kukhota bwino ndipo matayala amatha msanga. Ichi n'chifukwa chake matayala akumbuyo a Isetta adawayandikizitsa kwambiri. Chachitatu, injini zambiri za kabaza zimazizira ndi mphepo. Mukaitsekera m'bokosi kuseri kwa mpando, pa chitunda cha ku Bangwe itentha mpaka kugwira.

Chachikulu pa zonse ndi mabuleki. A njinga adawapangira kulemera kwa njinga ndi anthu awiri basi. Onjezanipo chimango chachitsulo, malata, mipando ndi anthu anayi, kenako muitsetsereke m'munsi mwa phiri la Soche nthawi yomwe ana akuweruka kusukulu. Apa nkhani siikhalanso ya luso, yasanduka ya moyo wa mwana wa eni. Chimodzimodzinso chiwongolero: malo amodzi owotcherera mwachidule akathothoka muli pa liwiro, palibe chomwe mungachite.

Palinso lamulo. Galimoto iliyonse yoyenda pamsewu wa boma imafunika kulembetsedwa ku Road Traffic, kukhala ndi COF ndi inshuwalansi, ndipo woyendetsa akhale ndi laisensi. Popanda izi, mukagunda munthu chipukuta misozi chonse chili pamutu panu.

Kodi ndiye anyamata asiye? Ayi ndithu. Ayambe ndi zomwe kainjini aka kangathe: kangolo koyenda pang'onopang'ono konyamula njerwa, madzi kapena ndiwo zamasamba, koyesedwa kaye pabwalo lopanda anthu. Ndalama yoyamba ipite ku mabuleki a galimoto enieni pa matayala onse, penti ibwere pambuyo.

Blantyre ili ndi MUBAS, ili ndi Soche Technical College, naonso a TEVETA alipo. Aphunzitsi a zamakina atamapatula tsiku loyeza zinthu zopangidwa m'makwalala, owotcherera a ku Misesa, Chilomoni ndi Machinjiri angadziwe pomwe pali chiopsezo asanakweze munthu. A Road Traffic naonso alengeze momveka zomwe wopanga galimoto pakhomo ayenera kukwaniritsa kuti ilembetsedwe.

Vidiyo ya galimoto yotere ikakupezani pa foni, muombereni m'manja mwini wake. Mukatha, mumufunse kuti imaima bwanji.