Mmene ophunzira a m'mayunivesite amawongolera magemu poyang'ana osewera

JOHANNESBURG - Wophunzira akhoza kutha miyezi itatu akupanga gemu ya pakompyuta, iye n'kumaiona yomveka bwino, koma mlendo akaigwira n'kulephera ngakhale kupeza poyambira. Pofuna kupewa zoterezi, sukulu za ukachenjede zimene zimaphunzitsa lusoli zimalimbikitsa ophunzira kupereka magemu awo kwa anthu ena kuti awayese ntchito ikadali mkati.

Imodzi mwa sukuluzi ndi yunivesite ya Witwatersrand mumzinda wa Johannesburg, imene inayamba maphunziro a kapangidwe ka magemu m'chaka cha 2012. Ku America, mphunzitsi Tracy Fullerton wa pa University of Southern California anatchukitsa njirayi kudzera m'buku lake la Game Design Workshop, lomwe linatuluka koyamba mu 2004. Mfundo yake ndi yakuti wopanga gemu ayambe waganizira zimene akufuna kuti wosewera amve mumtima, kenaka aziyesa kawirikawiri ngati malamulo amene waika akubweretsadi zimenezo.

Kuyesa kumayamba kompyuta isanagwiridwe n'komwe. Ophunzira amajambula bwalo la masewera papepala, n'kugwiritsa ntchito makadi, timiyala kapena zitsekerero za mabotolo. Lamulo lolembedwa papepala likhoza kusinthidwa m'mphindi zochepa, pamene kulisintha litalowa kale m'pulogalamu kungatenge masiku. Aliyense wodziwa bawo akuzindikira kuti kusintha lamulo limodzi lokha la kadyedwe ka nkhomo kumasintha masewera onse.

Pa tsiku loyesa, mwini gemu amakhala pambali ndi kope, osalankhula. Ichi ndicho chimavuta kwambiri, popeza mtima umafuna kuuza wosewera batani loti adine. Koma gemu ikadzafika pamsika, mwini wake sadzakhalapo kuti afotokoze. Choncho iye amangolemba pamene wosewera waima, pamene waseka, pamene wabwerezabwereza cholakwa chimodzi ndiponso mphindi zimene watha pa gawo lililonse. Nthawi zina wosewera amapemphedwa kuti azinena mokweza zimene akuganiza. Pamapeto safunsidwa kuti kodi gemu yamusangalatsa, chifukwa ambiri amavomera pongofuna kulemekeza mwini wake. Amafunsidwa zimene amayesa kuchita pamalo pamene anakakamira.

Akale anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Anzake a m'kalasi ndi achibale amathandiza poyambirira, koma sachedwa kuzolowera zolakwika, motero pamafunika anthu amene sanaionepo gemuyo. Chiwerengero chawo sichiyenera kukhala chachikulu. Mu 2000, katswiri Jakob Nielsen analemba kuti anthu asanu amavumbula pafupifupi 85 peresenti ya zovuta za kagwiritsidwe ntchito ka tsamba la pa intaneti. Komabe, kudziwa ngati gemu ikukondera mbali imodzi kumafuna anthu ochuluka. Popanga Halo 3, yomwe inatuluka mu 2007, akatswiri a Microsoft ndi Bungie anaunika maola opitirira 3,000 a masewera a anthu pafupifupi 600.

Luso lina limene ophunzira amalipeza ndi kusiyanitsa dandaulo ndi gwero lake. Wosewera akanena kuti mdani ndi wamphamvu mopitirira, vuto lenileni likhoza kukhala lakuti sanaone chida chimene chinaikidwa pamalo a mdima. Wophunzira amasintha chinthu chimodzi, n'kuyesanso ndi anthu ena atsopano. Akasintha zinthu zisanu nthawi imodzi, sangadziwe chimene chathandiza.

Nkhani ya gemu ya Portal ikuonetsa phindu la njirayi. Mu 2005, ophunzira a pa DigiPen Institute of Technology ku Redmond, m'dziko la America, anapanga gemu yotchedwa Narbacular Drop. Kampani ya Valve inawalemba ntchito, ndipo anaikuza mpaka inatuluka ngati Portal mu 2007. Poyesa, osewera ena ankati akadutsa zipinda zingapo n'kumaganiza kuti akadali pa maphunziro oyambirira ndipo gemu yeniyeni sinayambe. Zimenezi zinathandiza kuti opangawo aikemo mdani wotchedwa GLaDOS, kuti wosewera akhale ndi chifukwa chopitirira patsogolo.

Kwa wophunzira, phunziro lowawa ndi kuvomera kutaya gawo limene analikonda ataona kuti anthu angapo motsatizana sakulimvetsa. Amene wazengereza kuyesa mpaka sabata yomaliza ya teremu amazindikira zolakwika nthawi yozikonza itatha. Amene wayamba msanga amatuluka pasukulu ndi gemu yoseweredwa bwino, pamodzi ndi zolemba zosonyeza chimene chinalephera, chimene anasintha ndi zotsatira zake, zomwe angazionetse kwa olemba ntchito.