Kalata ya dokotala imene imapatsa wophunzira mpata pa mayeso

Ophunzira ambiri a kwathu akafika ku yunivesite ku Britain amabisa zoti akudwala maganizo. Amaopa kutchedwa amisala, kapena kuti amene akuwalipirira sukulu angamve. Ndiye amangopirira, tulo osabwera, mpaka kulephera mayeso. Ife ogwira ntchito ya zaumoyo wa maganizo kuno zimatipweteka, chifukwa thandizo lilipo ndipo ndi la lamulo.

Lamulolo ndi Equality Act ya 2010. Limati ngati vuto la m'thupi kapena la m'maganizo likulepheretsa munthu kwambiri kuchita za tsiku ndi tsiku, ndipo latha kapena likuoneka kuti litha miyezi 12, sukulu iyenera kumusinthira zinthu moyenera. Siliyang'ana pasipoti: wochokera ku Zomba ali ndi ufulu wofanana ndi wobadwira ku Leeds. Ndalama zothandizira ophunzira olumala za Disabled Students' Allowance zokha ndi zimene kawirikawiri ochokera kunja sapatsidwa.

Umboni wa vutolo nthawi zambiri ndi kalata ya dokotala wa GP kapena ya katswiri wa maganizo, ndipo zambiri zimasokonekera pomwepa. Kalata yongoti "ali ndi nkhawa" imasiya ofesi yothandiza ophunzira m'malere. Ndikamalemba kalata yotere ndimafotokoza kuti vutoli linayamba liti, munthu akulandira chithandizo chanji, ndipo maphunziro akusokonekera bwanji: kuti akalowa m'holo yodzaza anthu mtima umathamanga, manja nkumanjenjemera mpaka cholembera kugwa, kapena kuti mankhwala omwa usiku amamuodzeretsa m'mawa. Ofesi ikawerenga zimenezi imadziwa chochita. Ikhoza kumupatsa kachipinda kake kolembera mayeso, mpata wopumira, kapena mphindi 15 zowonjezera pa ola lililonse. Mafunso sasintha, ndipo palibe amene amapatsidwa malikisi chifukwa cha chisoni.

Nkhani ya ku University of Bristol inasintha zambiri. Mu April 2018, mtsikana wa zaka 20 wophunzira physics, amene anali ndi mantha aakulu olankhula pagulu, anadzipha pa tsiku limene ankayenera kuima pamaso pa anzake ndi aphunzitsi. Mu 2022 khoti linapeza kuti yunivesiteyo inaphwanya Equality Act posamusinthira mayeso apakamwa, ndipo mu February 2024 High Court inagwirizana nalo. Khotilo linaonetsa kuti sukulu isamakhale manja lende podikira kalata pamene vuto likuonekeratu. Ine ndikuti chigamulochi ndi cholondola kwambiri.

Komabe kalata imafulumizitsa zinthu. Inu amene muli pasukulu kuno, lembetsani kwa GP mukangofika, ndipo pitani ku ofesi yothandiza ophunzira temu ikamayamba, chifukwa zopempha za mayeso zimakhala ndi tsiku lotsekera. Konzaninso kandalama, poti madokotala ambiri a GP amalipiritsa kalata yotere.