Mbuzi m'Madzi a Napolo: Chifundo Kapena Chuma?

M'mwezi wa Malichi 1991 napolo adatsika m'phiri la Michesi nakokolola midzi ya ku Phalombe, ndipo anthu mazana angapo adafa. M'Malichi 2023 namondwe wa Freddy adabwereza zomwezo, dera la Nkhulambe nkukhala masiku ambiri losafikika. Pa nthaŵi zotere pamachitika chinthu chimene ife ansembe sitidachilingalire mokwanira: munthu wopulumuka kale, atafika pamtunda, amabwerera m'madzi kukatsekula khola la mbuzi zake. Ena amabwerako. Ena sabwerako, ndipo oimirira pa maliro ao ndife.

Kodi mchitidwe umenewu tiutche chifundo? Mbuzi yomwe mwiniwake waisenza pamapeŵa, madzi akumlekeza m'chifuwa, idzagulitsidwa kwa opha nyama pa msika wa Migowi njala ikadzakula. Waivuula m'madzi kuti ikafe ndi mpeni.

Malembo Oyera sabisa kutsutsana kumeneku. M'mutu 9 wa Genesis Mulungu achita chipangano ndi Nowa pamodzi ndi zamoyo zonse zotuluka m'chombo, koma m'mutu womwewo alola anthu kudya nyama. Pa Mateyo 12:11-12 Ambuye Yesu avomereza kuti nkhosa yogwera m'dzenje itulutsidwe ngakhale pa Sabata, nakumbutsa kuti munthu aposa nkhosa kutalitali. Katekisimu wa Eklezia Katolika, ndime 2415 mpaka 2418, aphunzitsa kuti nyama tizichitire chifundo ndipo tisazizunze popanda chifukwa, komabe tisazipatse chikondi choyenera anthu okha. Ndipo Papa Francis, m'kalata yao Laudato Si' ya 2015, adatsimikiza kuti cholengedwa chilichonse nchamtengo pamaso pa Mulungu, ngakhale chisatipindulire kanthu.

Tsono tibwerere kwa mlimi uja. Kunena zoona, iye sakuyesa pa sikelo moyo wake ndi moyo wa mbuzi ai. Mbuzi ija ndi nkhokwe yoyenda ndi miyendo: ndiyo fizi ya mwana, thumba la feteleza, ndiyo ndalama ya kuchipatala mai akadwala. Chimanga chikapita ndi madzi, chotsala nchimenecho. Akuyesa imfa ya lero ndi njala ya ana ake ya maŵa, ndipo ife amene timagona m'nyumba za njerwa zootcha tisafulumire kumutcha wosaganiza. Mwina chifundo chilimonso, pakuti woŵeta amadziŵa kulira kwa mbuzi yake iliyonse. Mtima wa munthu sukhala ndi chifukwa chimodzi chokha.

Komabe lamulo silisintha: bwato likhale laling'ono, oyamba kukwera ndi anthu, ndipo palibe chiŵeto choyenera kuti bambo asiyire ana ake umasiye. Chovuta nchakuti kumisasa ya othaŵa madzi, imene kaŵirikaŵiri imakhala m'masukulu ndi m'matchalitchi, malo a ziŵeto sapezeka; nchifukwa chake ena amazengereza kusamuka ngakhale atachenjezedwa. Maparishi ambiri ali ndi malo okwera. Malimana angathe kugwirizana mvula isadayambe za kumene mbuzi ndi ng'ombe zidzakusidwire chenjezo likamveka pa wailesi, ndi za amene adzazidikirire usiku.