Nimu wa pakhomo pathu ndi kachisi wa ku India

Ana inu a ku George muno mu Lusaka, ndani mwa inu anatafunapo tsamba la nimu? Amene analawa saiwala. Nkhope imakwinyika, lilime n'kumawawabe mpaka madzulo. Komatu mtengo umenewu, umene agogo amathyolako masamba wina akadwala, kwawo kwenikweni ndi ku India ndi maiko oyandikana nawo. Kuno unachita kubwera ndi anthu. Ndipo kwawo kumeneko kuli kachisi wina amene mtengo wake wopatulika ndi nimu yemweyu. Tiyeni tikamuone.

Kachisiyu ali kuti?

Mukakwera minibasi kuchoka ku George n'kukatsika m'tauni, kenaka n'kuyenda kupita ku Kamwala, mudzapeza masitolo ambiri a anthu amene makolo awo anachokera ku India. Oyamba anafika m'dziko muno cha m'ma 1905, ku Fort Jameson, kumene lero timati ku Chipata. Ambiri anachokera kudera lotchedwa Gujarat. Ena ndi Asilamu, ena ndi Ahindu. Ahindu ali ndi akachisi awo muno mu Lusaka, ndipo polowamo amavula nsapato pakhomo.

Koma kachisi wa nkhani yathu ali kutali, kum'mwera kwa India, m'chigawo cha Tamil Nadu, pafupi ndi tauni ya Sirkazhi. Dzina lake ndi Vaitheeswaran Koil. Yesani kulitchula kawiri osaluma lilime! Mawu akuti Koil amatanthauza kachisi, ndipo Vaitheeswaran ndi dzina la mulungu wa Ahindu, Shiva, akamamutchula monga sing'anga. Malowa ndi akale zedi. Alakatuli awiri, Appar ndi Sambandar, anawaimbira nyimbo zaka zoposa 1,300 zapitazo.

Nthano ya nyenyezi yodwala

Madzulo ena, magetsi akathima, yang'anani kumwamba. Nthawi zina mudzaona kanyenyezi kofiirira kamene sikathwanima ngati zinzake. Imeneyo ndi pulaneti ya Mars. Ahindu amaitcha Angaraka, ndipo m'nthano zawo Angaraka ali ngati munthu, amamva ululu ndipo amatha kulira.

Akuti Angaraka anagwidwa ndi khate. Thupi lonse linachita mawanga, mankhwala onse n'kulephera. Pomaliza anafika pamalo pamene pali kachisiyu, nasamba padziwe la pomwepo, napemphera kwa Shiva. Atatuluka m'madzi, khungu lake linali see! Dziwe limenelo lilipobe, dzina lake ndi Siddhamirtham. N'chifukwa chake Lachiwiri, lomwe kwa Ahindu ndi tsiku la Angaraka, pakachisipo pamadzaza anthu ngati pa Soweto Market kumapeto kwa mwezi.

Nthano imati Shiva sagwira yekha ntchito ya using'anga. Mkazi wake, amene kumeneko amamutcha Thaiyalnayaki, amaima naye atanyamula mafuta ochiritsa.

Muimba wolimba mtima

Nthano yachiwiri ikuchokera m'buku lakale lotchedwa Ramayana. Mfumu ina yoipa, Ravana, inaba Sita, mkazi wa Rama, n'kumathawa naye mumlengalenga. Muimba wokalamba dzina lake Jatayu anamva kulira kwa mayiyo. Akanatha kunena kuti si mlandu wanga, ndiponso ndakalamba. Koma anauluka n'kuyamba kumenyana ndi Ravana mpaka anadulidwa mapiko. Rama anamupeza ali gone, akupuma movutika. Muimbayo anamufotokozera zimene zinachitika, kenaka n'kutsirizika.

Rama sanasiye mbalameyo kuti idyedwe ndi afisi. Anaichitira mwambo wa maliro monga angachitire bambo wake womubereka, ndipo anatentha mtembo wake monga mwa mwambo wa Ahindu. Anthu a pakachisiyu amati zimenezi zinachitikira pamalo awo, ndipo pali dzenje la phulusa lotchedwa Jatayu Kundam limene alendo amakaliona.

Odwala amachita chiyani akafika?

Amabwera ndi mphatso zimene inunso mumazidziwa: mchere, tsabola wakuda ndi shuga woumba wopangidwa ndi madzi a nzimbe. Mwambo wakale unali woponya shugayo padziwe, uku akupempha kuti matenda asungunuke monga asungunukira shuga m'madzi. Ena amapereka tizitsulo tosulidwa ngati diso, dzanja kapena mwendo, kusonyeza chiwalo chimene chikuwavuta. Pobwerera amatenga phulusa lopatulika lodzola pamphumi, ndi timibulu ting'onoting'ono ta mankhwala a pakachisipo. Ndipo m'bwalo la kachisi muli nimu uja, amene amamupatsa ulemu monga momwe makolo athu ankalemekezera mtengo wa msolo pothira nsembe.

Kodi nimu amachiritsadi?

Funso labwino limenelo. Nimu ali ndi mphamvu ndithu. M'chaka cha 1968 akatswiri a ku England anapeza m'njere zake chinthu chotchedwa azadirachtin, chimene chimaletsa tizilombo kudya mbewu. Ndiye chifukwa chake alimi ena amaika masamba ake m'matumba a chimanga ndi nyemba. Ku India anthu ambiri amatsukira mano kamtengo ka nimu ngati mswachi.

Koma chimene chili ndi mphamvu chingathenso kuvulaza. Mafuta a nimu ndi oopsa kwa ana aang'ono akamwa. Ndipo mwana akatentha thupi, madzi a masamba owiritsa sangalowe m'malo mwa kuyezetsa magazi pakiliniki ya George.

Nanga khate la Angaraka lija? Lero tikudziwa kuti khate si temberero. Limayamba ndi kachilombo kamene dokotala wa ku Norway, Gerhard Armauer Hansen, anakaona koyamba mu 1873. Limachira ndi mapiritsi omwa kwa miyezi 6 kapena 12, ndipo kuyambira mu 1995 bungwe la WHO limapereka mankhwalawa kwaulere padziko lonse. Ahindu ambiri amene amapita ku Vaitheeswaran Koil amapitanso kuchipatala, monga momwe amayi anu amapempherera mng'ono wanu uku akumumwetsa mankhwala a adokotala.

Mchere ndi shuga

Mwaona ziwiri mwa mphatso zija, mchere ndi shuga? Nazi zodabwitsa. Zinthu zomwezo, zikasakanizidwa pamlingo woyenera m'madzi aukhondo, zimapulumutsa munthu wotsegula m'mimba. Amenewa ndi madzi a moyo amene anamwino amapereka m'timapaketi, amene anathandiza ambiri muno m'makomboni kolera itavuta mu 2018 ndi mu 2024. Mmodzi mwa anthu amene anasonyeza dziko lonse mphamvu yake anali dokotala wa ku India, Dilip Mahalanabis, pothandiza anthu othawa nkhondo mu 1971.

Ntchito yanu sabata ino

Funani mtengo wa nimu pafupi ndi kwanu. Thyolani tsamba limodzi, osatafuna, muwerenge timasamba take ndi kulijambula m'kope. Kenaka mukafunse agogo kuti, "Agogo, kodi inu munamva kwa yani kuti nimu ndi mankhwala?" Mukhale pansi bwinobwino, chifukwa yankho lake likhoza kukhala nthano yachitatu.