Kusiyana kwa wisiki wa single malt ndi blended malt

BULAWAYO — Anthu a mumzinda uno amachidziwa bwino chimera, poti kampani ya Ingwebu imafulula masese ndi chimera cha mapira. Wisiki wa ku Scotland wotchedwa malt nayenso amachokera ku chimera, koma cha barele, ndipo amatchezedwa m'ziwiya zamkuwa.

Malamulo a dziko la Britain a chaka cha 2009 amati single malt ndi wisiki wotchezedwa pa fakitale imodzi yokha, monga Glenfiddich ndi Laphroaig. Blended malt amaphatikiza ma single malt a m'mafakitale awiri kapena kuposerapo, monga Monkey Shoulder ndi Johnnie Walker Green Label. Botolo lolembedwa Blended Scotch Whisky limakhalanso ndi wisiki wa tirigu kapena chimanga, ndipo kawirikawiri limatsika mtengo.

Wisiki yenseyu ayenera kukhala m'migolo ya mtengo wa oak zaka zosachepera 3, ndipo ukali wake usatsike pa 40 peresenti. Zaka zolembedwa pabotolo ndi za wisiki wamng'ono kwambiri mwa amene aphatikizidwamo.

Akatswiri olawa amayamba ndi kununkhiza, kenako amadonthetsamo madzi pang'ono kuti fungo limveke. Laphroaig amanunkha utsi, pomwe Glenfiddich amanunkhira zipatso. Blended malt amasakaniza zoterezi kuti pasakhale fungo lopondereza linzake.

Choncho dzina lakuti single malt limafotokoza kumene wisiki wachokera, osati kuti ngwokoma kuposa mnzake. Wogula ayenera kuwerenga pabotolo asanatulutse ndalama.