Tipi, ndi Masamu a Atsibweni Anga

Anzanga, tonsefe tidziwa mwambo wa pamsika. Munthu akagula mulu wa tomato kapena mbale ya usipa amati kwa wogulitsa, "Amayi, nanga basela?" ndipo amayiwo amaponyapo tomato mmodzi kapena kausipa pang'ono. Kwathu kuno wogulitsa ndiye amaonjezera. Koma kuli maiko ena kumene wogula ndiye amaonjezera ndalama pamwamba pa mtengo, kuthokoza munthu amene wamtumikira. Ndalama imeneyi dzina lake ndi tipi.

Ine nkhaniyi ndinaimva kwa atsibweni anga, amene agwira ntchito yoperekera zakudya m'nyumba ina yodyeramo ku Cape Town. Pa tchuthi chapitachi anabwera kudzatiwona kumudzi, ndipo usiku wina tili kuwotha moto ndinawafunsa kuti, "Atsibweni, kodi malipiro anu ngochuluka chotani kuti muzikhoza kundilipirira zonse za kusukulu?" Iwo anaseka nati, "Mphwanga, malipiro anga amathera ku lendi ndi ufa. Ndalama ya chigonero chako, yunifomu ndi mabuku zimachokera m'matipi." Chiyambire usiku umenewo ndinaleka kuyesa tipi chinthu chamasewera.

Tsono kawerengedwe kake nkotere. Ku South Africa munthu akadya m'nyumba yotere amasiya magawo 10 pa 100 alionse a bilu yake, ndipo akakondwa amafikitsa 15. Tiyerekeze kuti banja ladya chakudya cha R480. Kupeza magawo 10 nkosavuta: gawani ndalamayo ndi 10, mupeza R48. Mukafuna magawo 15, tengani theka la R48, ndilo R24, muphatikize pomwepo, ikwana R72. Mukafuna magawo 20, wirikizani R48 kawiri, ndiyo R96. Atsibweni analekera Sitandade 8, koma masamu awa amachita pamtima mbale zili m'manja. Ine wa Fomu 3 ndinayamba ndafunafuna pensulo, ndipo manyazi anandigwira.

Anandiphunzitsanso za ku Britain, pakuti alendo ochokera kumeneko amawatumikira kawirikawiri. Mu London nyumba zambiri zimalemberatu pa bilu magawo 12 ndi theka, ndi kuitcha ndalamayo service charge. Nambala imeneyi iwoneka yoopsa, komatu ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 8. Chakudya chikakhala cha £64, gawani ndi 8, mupeza £8. Apa mlendo ayenera kuyamba wawerenga bilu bwinobwino asanapise m'thumba, kuwopa kuthokoza kawiri. Kale eni nyumba ena ankatapako ndalama imeneyi, koma lamulo la 2023, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 October 2024, likuti yonse izipita kwa antchito.

Kumene tipi yafika povuta ndi ku America. Lamulo la boma lalikulu limalola bwana kulipira woperekera zakudya $2.13 yokha pa ola, ndipo nambala imeneyi siinasinthe chiyambire 1991, pamene antchito ena lamulo lomwelo likuti asalandire zochepera $7.25. Akuti matipi ndiwo adzakwaniritse, ndipo akaperewera bwana aonjezere. Zigawo zina, monga California, zimakana zimenezi ndi kulamula malipiro athunthu. Chifukwa chake kumeneko munthu amasiya magawo 15 kufikira 20, ndipo wochoka osasiya kanthu amayesedwa kuti wamdyera mnzake thukuta. Ine ndiganiza kuti pamenepa tipi yaleka kukhala mphatso. Yasanduka malipiro amene bwana watula pamutu pa mlendo. Lamulo la ku South Africa ndiliwona labwinopo. Linayamba pa 1 January 2019 ndi R20 pa ola, ndipo likuti matipi asawerengedwe m'kati mwa malipiro. Atsibweni anapukusa mutu nati si mabwana onse amene amalitsata, makamaka akawona kuti wantchito ndi wobwera, wosowa kokadandaula.

Ku Japan ndiye tipi kulibe. Mukasiya ndalama pa tebulo akhoza kukuthamangirani panja, kuyesa mwaiwala.

Nditafotokoza zimenezi m'kalasi, mnzanga wina anati tipi ndi chiphuphu chovala suti. Ine sindivomereza. Chiphuphu chimaperekedwa mobisa, ntchito isanachitike, kuti munthu akhotetse chilungamo kapena akudumphitseni mzere. Tipi imaperekedwa poyera, ntchito itatha, ndipo siilanda malo a munthu wina. Komanso tisasokoneze tipi ndi mtengo. Mukapangana ndi wakabaza kapena mnyamata wonyamula katundu pa depoti, ndalama imene mwagwirizanayo ndi mtengo wa ntchito yake. Mukampatsa kangachepe pamwamba, chifukwa wapalasa pa chitunda dzuwa lili pamutu, imeneyo ndiyo tipi, ngakhale ife timangoti ndi ya madzi akumwa.

M'mawa mwake atsibweni anandiwonetsa kabuku kakang'ono m'mene amalembamo matipi a tsiku lililonse. Masamba a December ndi January anali odzaza, pakuti imeneyo ndi nyengo yotentha ku Cape Town, ndipo alendo amachuluka ngati nyerere. Masamba a June ndi July, miyezi ya mvula ndi chisanu kumeneko, anali ndi timanambala tating'ono, ndipo masiku ena munali mzere wokha. Pamenepo ndinazindikira chifukwa chake ndalama yanga ya mu January imafika sukulu isanatsegulidwe, pamene ya mu September ndimaidikira milungu iwiri kapena itatu.